Nthenda Imene Mfuti Inandisiyira

Chizindikiro choyamba chinabwera m'mwezi wa Juni, chaka cha 1992. Unali m'mawa wozizira, ndipo ndinali pa shedi yathu kumsika wa Ndirande, ndikukhoma tsinde la ndowa. Mmisiri wa shedi yoyandikana nayo anagwetsa lata pansi. Phokoso lake litangomveka, nyundo inapulumuka m'dzanja langa. Mtima unayamba kugunda ngati wa munthu amene wakwera phiri akuthamanga, mpweya unandithera, ndipo thukuta linanyowetsa malaya ngakhale kunali chiperoni. Ndinakhala pansi kwa kanthawi mpaka zinadutsa. Anzanga anati ndi malungo. Inenso ndinavomera kuti ndi malungo, ndipo ndinagula kolorokwini pagolosale n'kumwa.

Dzina langa ndine Fabiano. Ndinabadwira ku Ndirande konko, ngakhale agogo anga anachokera kutsidya kwa malire, mbali ya Mulanje. Pa nthawiyo ndinali ndi mkazi, Felesita, ndi ana atatu. Ntchito yanga inali yokhoma ndowa, mbaula ndi makeni othirira mbewu. Amene anandiphunzitsa ntchitoyi anali Che Amidu, bambo wachisilamu wamkulu kwa ine, ndipo shediyo tinkagwiramo awiri. Anali munthu wosakonda zolankhula zambiri. Ukalakwitsa msoko sankakalipa, ankangotenga ndowayo, kuthiramo madzi, n'kukupatsa kuti uone wekha pamene ikudontha.

Kuti nthenda yanga imveke, ndiyenera kunena zimene zinachitika mwezi wa Meyi chaka chomwecho. Anali masiku amene anthu a m'mafakitale ananyanyala ntchito, ndipo m'tauni munali chipwirikiti. Tsikulo, chakumasana, khamu la anthu linatulukira kuchokera kumunsi likuthamanga. Che Amidu anati titseke, tinyamule katundu tizipita kunyumba. Iwo ananyamula mbaula ziwiri, ine ndinaika ndowa mu wilibala. Tisanapite patali, mfuti zinayamba kulira. Sindinaone amene ankawombera, ndipo mpaka lero sindikumudziwa. Chimene ndinaona n'chakuti Che Amidu anatula mbaula zija pansi mwaulemu, ngati munthu amene watopa, n'kukhala pamsewu.

"Fabiano, tandigwire," anatero.

Nditawagwira, dzanja langa linanyowa. Ndinataya ndowa zonse, n'kuwakweza mu wilibala muja. Ndinakankha ndikulowera kumsewu waukulu kuti mwina tipeze galimoto, koma anatsirizika tili m'njira.

Tinawaika m'manda mwachangu, monga mwa mwambo wa chipembedzo chawo. Pamaliropo palibe amene anatchula mfuti. Olankhula anangoti m'bale wathu watisiya mwadzidzidzi. Achinyamata a lero sangamvetse, koma masiku amenewo munthu sunkalankhula mwachisawawa. Sunkadziwa kuti amene wakhala naye pafupi akafikitsa kuti mawu ako. Ine ndinachapa wilibala ija, ndinatentha malaya amene ndinavala tsikulo, ndipo sabata yotsatira ndinabwerera kuntchito. Ndinkaganiza kuti zatha.

Kolorokwini uja sanathandize. M'mwezi wa Julayi zinayamba kubwera pafupipafupi. Chitseko chikamenyetseka, mwana akagwetsa mbale, galimoto ikaphulitsa utsi, mtima unkayamba kuthamanga ndipo manja ankanjenjemera. Tulo tinasowa. Ndikati ndatseka maso, ndinkaona msewu uja ndi mbaula ziwiri zili pansi. Chakudya chinasiya kukoma. Choipa kwambiri chinali chakuti ntchito yanga yomwe ndi ya phokoso. Mbali yathu ya msika, nyundo zimalira kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Ndinayamba kufika mochedwa, kenaka kuweruka masana, kenaka ndinasiyiratu. Ndinkatuluka m'nyumba ngati ndikupita kumsika, koma ndinkakakhala m'mphepete mwa phiri, kumene kunali zii, n'kubwerera dzuwa likupendeka.

Kawiri konse ndinapita ku kachipatala ka m'dera lathu. Ulendo woyamba ndinanena kuti mutu ukundipweteka, anandipatsa asipulini. Ulendo wachiwiri ndinanena kuti ndikumva kuwawa pachifuwa, anandipima n'kundipatsa mankhwala a chifuwa. Sindiwaimba mlandu, chifukwa ankachiza zimene ine ndinawauza. Achimwene anga aakulu anandiperekeza kwa sing'anga ku Bangwe, amene anati pali munthu wa kumsika amene akufuna shedi yathu. Ananditema mphini pachifuwa. Ndinabwerako ndi mantha oposa amene ndinapita nawo, popeza tsopano ndinayamba kukayikira aliyense wondipatsa moni.

Pofika mu Ogasiti thupi linali litatha. Lamba ndinamuboola mabowo ena. Zaka zimenezo munthu akayamba kuwonda, anthu ankangoganiza chinthu chimodzi, nthenda ija imene inali itayamba kumaliza anthu m'makomboni. Amayi a pampopi ankasiya kulankhula Felesita akafika. Makolo ena analetsa ana awo kusewera ndi ana anga. Ndinasanduka wolusa. Tsiku lina ndinakalipira mwana wanga wamkulu, Joyisi, chifukwa chongomenyetsa chivindikiro cha poto, mpaka mwanayo anathawira kwa aneba.

Tsiku lomwelo, ana atatuluka, Felesita anakhala pa mkeka moyang'anizana nane.

"Bambo a Joyisi, mundiuze zoona," anatero. "Ngati munayenda kwina n'kutengako matendawa, nenani, ndidziwe chochita ndi anawa."

Ndinamuuza kuti sindinayende kulikonse. Anandifunsa kuti nanga n'chiyani. Iye ankadziwa kuti ndinali pomwepo pamene Che Amidu ankamwalira, koma sindinamuuzepo mmene zinakhalira, ndipo ineyo sindinkaganiza kuti zimene munthu waona ndi maso zingamudwalitse thupi. Komanso ndinkaopa kuti ndikayamba kufotokoza, mawuwo atuluka m'nyumba n'kukafika kumene sayenera kufika. Iye anayamba kulira.

Mu Seputembala zinafika poipa. Ndinadzikakamiza kupita ku Limbe kukagula malata akale kuti ndiyambirenso ntchito, poti m'nyumba munalibe kanthu. Ndili pa siteji ya ku Ndirande kudikira basi, tayala la lole linaphulika chapafupi. Zimene zinatsatira sindizikumbuka bwino. Ndinadzazindikira ndili pansi pa mlatho wa mtsinje wa Nasolo, m'matope, nditagwira mutu. Amayi ena amene ankachapa anandizindikira, ndipo mmodzi anathamanga kukaitana mkazi wanga. Tsiku limenelo ananditengera ku chipatala chachikulu cha m'tauni.

Tinafika masana, mzere uli wautali. Tinakhala pa benchi, tikusuntha pang'onopang'ono, mpaka dzuwa linapendeka. Anandikweza pa sikelo, anandiyeza kuthamanga kwa magazi, kenaka anandigoneka mu wodi ya amuna. Bedi linalipo, koma ena amene anabwera pambuyo panga anagona pansi pa matiresi. Felesita anakasiya ana kwa mng'ono wake ku Chilomoni, iye n'kumagona ku shedi ya magadiyani pamodzi ndi amayi ena odwazika matenda.

Moyo wa mu wodi uli ndi ndondomeko yake. M'mamawa ankabwera okolopa, ndipo magadiyani onse ankatulutsidwa. Kenaka phala. Kenaka adokotala ankayendera bedi lililonse ndi gulu la ophunzira, akulankhulana Chingerezi chapansipansi. Masana mankhwala, madzulo mankhwala. Nthawi yotsalayo inali yodikira. Ananditenga makhololo kuti aone ngati ndili ndi chifuwa chachikulu. Anandijambula pachifuwa. Ananditenga magazi a malungo, kenaka anatifunsa ngati tikulola kuti ayezenso za nthenda imene tonse tinkaiopa ija. Tinalola. Zotsatira zake zinachedwa, ndipo masiku amenewo anali aatali kuposa ena onse a moyo wanga. Felesita ankabwera ndi tiyi mu botolo, n'kukhala m'mphepete mwa bedi, osandiyang'ana kumaso. Munthu wa bedi la kumanzere kwanga anamwalira, anabweretsa wina, nayenso anali wowonda ngati ine.

Zotsatira zitabwera, adokotala anatiitanira pambali. Anali mnyamata wamtali wovala magalasi.

"Bambo, chifuwa chanu chili bwino, mtima uli bwino, ndipo m'magazi sitinapezemo kanthu," anatero.

Felesita anagwada pansi pomwepo n'kuyamba kuthokoza Mulungu. Ine sindinasangalale monga ndinkayembekezera. Ndinkadzifunsa kuti ngati mulibe kanthu, nanga chikundiphachi n'chiyani?

Anati anditulutsa m'mawa mwake. Koma m'mawa umenewo, adokotala akuyendera odwala, wantchito wina anagwetsa beseni lachitsulo pa simenti. Ndinapezeka ndili pansi pa bedi, ndikunjenjemera thupi lonse, odwala ena akundiyang'ana. Adokotala aja ananjuta pansi n'kudikira mpaka mpweya wanga unabwerera. Kenaka anandifunsa motsitsa mawu kuti zimenezi zinayamba mwezi uti. Ndinati Juni. Anafunsa kumene ndimakhala. Ndinati ku Ndirande. Anagwedeza mutu, osafunsanso china, n'kundiuza kuti akunditumiza kwa anamwino oona za matenda a maganizo.

Chipinda chimenecho chinali kumapeto kwa khonde lalitali, ndipo anthu ankangochitchula kuti kwa amisala. Nditamva, ndinakana. Ndinkadziwa kuti amene walowa kumeneko amathera ku Zomba, ndipo akabwerako palibe amene amamupatsanso ntchito kapena kumvera mawu ake pabwalo. Ndinauza Felesita kuti tinyamule katundu tizipita. Iye anakana. Anati kwa sing'anga ndapitako kale, iye wandiperekeza ku mapemphero, ndipo sabwerera kunyumba ndi munthu wobisala pansi pa bedi asanamve zimene anamwinowo anganene.

Tinadikira pa benchi ya panja kuyambira m'mawa mpaka cha m'ma leveni. Ndinaweramitsa mutu nthawi yonseyo kuopa kuti wina wa ku Ndirande angandione. Anamwinowo anali mayi wachikulire, wa imvi za m'mbali, amene aliyense ankangowatchula kuti Sisita. Anatseka chitseko pang'onopang'ono kuti chisamveke. Anandifunsa za tulo, za chakudya, za ntchito. Kenaka anafunsa ngati pali chimene chinandichitikira nthendayi isanayambe. Ndinayang'ana pawindo, kenaka pachitseko. Iwo anaona.

"Bambo, ine sindikufunsa kuti anawombera ndani. Zimenezo si za chipinda chino," anatero. "Ndikufunsa zimene maso anu anaona. Ndipo musaganize kuti ndinu woyamba kukhala pa mpando umenewo chaka chino."

Ndinayamba kufotokoza. Mawu ankatuluka movuta, ndipo pofika pa wilibala ndinalira ngati mwana, mkazi wanga ali pomwepo. Aka kanali koyamba kuti Felesita amve zonse. Sisita sanandidule mawu ngakhale kamodzi. Nditamaliza anandipatsa madzi, n'kufunsa ngati ndinaganizapo zodzichotsera moyo. Ndinavomera kuti masiku ena, ndili kuphiri kuja, ndinkaganiza kuti kukanakhala bwino ndikanangofa. Anauza Felesita kuti asamandisiye ndekha nthawi yaitali, ndipo maganizo amenewo akabweranso tibwere tsiku lomwelo osadikira tsiku la kiliniki.

"Simunapenge, ndipo simunalodzedwe," anatero. "Mwavulala. Mnzanu chipolopolo chinamulasa m'thupi, inu chinakulasani m'maganizo. Bala limeneli limapola, koma limafuna nthawi."

Ndinafunsa ngati anditumiza ku Zomba. Anati ayi, kumeneko amapita amene akufunika kugonekedwa nthawi yaitali, ndipo ngakhale iwowo ambiri amachira n'kubwerera kwawo. Ine ndizichokera kunyumba.

Anandipatsa timapiritsi tating'ono tomwa madzulo. Anandichenjeza kuti m'kamwa muziuma, m'mawa ndizidzuka wolemedwa, ndipo ndisayembekezere kusintha sabata yoyamba. Zonsezo zinachitikadi. Anandiphunzitsa kupuma pang'onopang'ono mtima ukayamba kuthamanga, kuponda pansi mwamphamvu, ndi kudziuza ndekha kumene ndili ndi chimene chalira. Poyamba ndinkaona ngati zachibwana. Koma pofika kumapeto kwa Okutobala tulo tinayamba kubwera, ndipo ndinayamba kumaliza chakudya cha m'mbale.

Poyamba ndinkapita ku kiliniki kawiri pa mwezi, kenaka kamodzi. Ulendo uliwonse unali womwewo: kudzuka m'mamawa, kuyenda wapansi ngati ya basi palibe, kupereka kadi pawindo, kukhala pa benchi. Pa benchi imeneyo m'pamene ndinadziwa kuti sindinali ndekha. Panali mayi wina wa ku Zingwangwa amene chipolopolo chinalowa m'nyumba mwake kudzera padenga. Panali bambo wina, mlonda wa sitolo, amene anamangidwa ndi achifwamba a mfuti. Poyamba tinkangopatsana moni. Pang'ono ndi pang'ono tinayamba kufunsana kuti mwagona bwanji mwezi uno, ndipo funsolo linali ndi tanthauzo lina kwa ife. Sisita ataona zimenezo, anayamba kumatilowetsa pamodzi nthawi zina kuti tizicheza iwo ali pomwepo.

Za ntchito, anandilangiza kuti ndisathamange. Sabata zoyamba ndinkangopita kukaima kumalire a msika, kumene nyundo zimamvekera patali, Felesita ali pambali panga. Kenaka ndinayamba kukhala pa shedi osagwira kanthu. Kenaka kudula malata ndi sizasi, ntchito yopanda phokoso, mnzanga wina n'kumandikhomera. Masiku ena ndinkalephera n'kubwerera kunyumba. Mu Novembala ndinakhoma mbaula yanga yoyamba. Inali yokhota, koma inagulidwa.

Mu Disembala ndinabwerera m'mbuyo. Nditaona kuti ndili bwino, komanso achimwene akundiuza kuti mapiritsi amenewo ndi amene amapengetsa anthu, ndinasiya kumwa. Pa Khirisimasi ana a m'dera lathu anayamba kuphulitsa timabomba tawo tosewerera tija, ndipo zonse zinabwerera: kunjenjemera, kusowa tulo, kulusa. Ndinabwerera ku kiliniki ndi manyazi. Sisita sanakalipe. Anangoti mankhwalawa sasiyidwa mwadzidzidzi, ndipo nthawi yake ikakwana adzandichepetsera okha pang'onopang'ono. Tinayambiranso.

Panali chinthu chimodzi chimene ndinkachiopabe. Mkazi wa Che Amidu, Abiti Daudi, ankakhala kumtunda kwa msika, ndipo miyendo yanga inkakana kulowera njira imeneyo. Ndinauza Sisita. Anati ndipite ndikadzamva kuti ndakonzeka, koma ndisapite ndekha. Tinapita ndi Felesita m'mwezi wa Malichi, mvula itayamba kuchepa. Tinawapeza atakhala pakhonde, nawonso atawonda kwambiri. Titapatsana moni, anandifunsa.

"Achimwene, inu munali nawo. Kodi anavutika?"

Ndinawauza zonse monga zinachitikira. Ndinawauza kuti sizinatenge nthawi, kuti sanali okha, ndiponso kuti milomo yawo inkayenda ngati akupemphera. Abiti Daudi anaphimba nkhope ndi mpango wawo.

"Miyezi yonseyi palibe amene anandiuza," anatero. "Aliyense amangoti zinachitika mwadzidzidzi. Ine ndimangodzipangira zithunzi m'mutu, ndipo sindigona."

Felesita anawafotokozera za chipinda cha kumapeto kwa khonde chija. Poyamba anakana, monga ndinakanira ine. Mwezi wotsatira anapita, mkazi wanga atawaperekeza, ndipo anathandizidwa.

Mankhwala ndinawamwa kupitirira chaka, ndipo anandisiyitsa pang'onopang'ono monga analonjezera. Thupi linabwerera. Amayi a pampopi anapeza nkhani zina. Dziko litasintha, anthu anayamba kulankhula poyera za masiku aja, ndipo ndinadabwa kumva kuchuluka kwa amene ankadwala ngati ine m'nyumba zawo, ena n'kulowerera mu kachasu, ena mabanja n'kutha. Mlonda uja tinkakhala naye pa benchi anachira. Mayi wa ku Zingwangwa anasamukira kumudzi, ndipo sindinamvenso za iye.

Lero ndine wokalamba. Ndimakhala ku Machinjiri, kumene tili ndi kamunda kathu, ndipo shedi ija ndinasiyira mwana wanga wamwamuna. Ndimadya bwino, ndimagona bwino. Sindinganame kuti zinatheratu. Mwezi wa Meyi ukafika ndimakhala wosakhazikika, ndipo phokoso ladzidzidzi limandidzidzimutsabe kuposa anzanga. Koma ndimadziwa chimene chikuchitika, ndimadziwa chochita, ndipo a m'nyumba mwanga amadziwanso.

Kwa amene mwaona zoopsa, kaya mfuti, kaya achifwamba, kaya ngozi ya pamsewu, ndikuti musadikire kuti thupi lithe. Mukaona kuti tulo tasowa, mtima ukuthamanga popanda chifukwa, mukulusira ana, kapena mukuzemba malo ena, pitani kuchipatala msanga. Mukafika, musangonena za mutu ndi chifuwa. Nenani zimene munaona. Ndipo inu amene mukukhala ndi munthu wotere, musamuseke, musamuuze kuti mwamuna salira, ndipo musamutumize yekha.

Mwezi wathawu, achifwamba a mfuti anathyola golosale ya bambo wina wa m'dera lathu lino, n'kumugoneka pansi ana ake akuona. Sanamuvulaze. Anthu akuti ali ndi mwayi, athokoze Mulungu, aiwale. Golosaleyo sanaitsegulebe. Ndapitako kangapo kukakhala naye pakhonde, ndipo ulendo wapitawu anandiuza kuti sakugona. Ndinamufunsa ngati angalole kuti tipite limodzi kuchipatala. Iye anati, "Koma agogo, mukalowa nane?" Ndinamuuza kuti ndikalowa naye.